Kajambulidwe ka magalasi amitundu ndi kuwala kwa dzuwa m'tchalitchi cha kumudzi

Amene anayesapo kujambula zenera la magalasi amitundu ali m'kati mwa tchalitchi akudziwa zimene zimatuluka. Ndi maso ukuona kufiira, buluu ndi chikasu, mtanda uli pakati bwinobwino. Ukayang'ana pafoni, zenera langoti mbee, mitundu yonse yathawa. Ambiri amafulumira kunena kuti foni ndi yotchipa. Ayi ndithu, ngakhale kamera yodula imachita zomwezo mukaisiya kuti isankhe yokha.

Chimachitika n'chakuti kamera imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuona n'kufunafuna pakatikati, monga mmene munthu amasakanizira madzi otentha ndi ozizira m'beseni mpaka akhale ofunda. M'tchalitchi mbali yaikulu ndi mdima: makoma, denga, mabenchi. Ndiye kamera imawonjezera kuwala kuti za mumdimazo zioneke, ndipo zenera, limene linali lowala kale, limapsereratu. Maso athu amasintha msanga tikachotsa pakhoma n'kuyang'ana pagalasi, osazindikira n'komwe kuti asintha. Kamera singathe kutero pa chithunzi chimodzi. Choncho ntchito yonse yagona pa kusankha: mupulumutsa galasi kapena mabenchi? Ine ndimati pulumutsani galasi, tchalitchi chide. Mdima wozungulira zenera ndi umene umapatsa mitundu mphamvu.

Malangizo awa ndi a anthu a kuno ku Mzuzu ndi midzi yozungulira, a foni ndi a kamera omwe. Ndatchula malo mwadala chifukwa dzuwa kwathu kuno limayenda mosiyana ndi mmene ojambula a ku Ulaya amafotokozera.

Choyamba: onani kuti zenera lake ndi lotani

Magalasi amitundu enieni amapangidwa ndi tizidutswa ta galasi tolumikizidwa ndi mizere ya mtovu. Mtundu wake uli m'kati mwa galasi momwe, chifukwa posungunula amathiramo zitsulo zina: cobalt amatulutsa buluu, kopa amatulutsa kubiriwira kapena kufiira. Nkhope, zala ndi makwinya a zovala amazilemba pamwamba ndi penti wakuda, kenako n'kuwotcha mu uvuni kuti zigwire. Timizere ta penti timeneti ndi timene timayamba kufufutika chithunzi chikawala mopitirira.

Mazenera otere kumpoto kuno alipo. Ku Livingstonia, pa Khondowe pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, tchalitchi chili ndi zenera loonetsa David Livingstone ali ndi anzake awiri, chida chake choyezera dzuwa ndi nyenyezi, ndi bokosi la mankhwala, nyanja ili kumbuyo. Pa chilumba cha Likoma, tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Angilikani, chimene anayamba kumanga mu 1903, nachonso chili ndi magalasi amitundu. Konseku ndi ulendo wofuna kukonzekera, wina wokwera msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, wina wa pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay. Ndi bwino kuzolowera ntchitoyi pafupi musanawononge ndalama ya ulendo.

M'matchalitchi a m'midzi mudzapeza zina. Pali magalasi amitundu amakona anayi oikidwa m'felemu yachitsulo, lofiira apa, lachikasu apo, mwina limodzi linasweka n'kuikapo loyera. Pali magalasi wamba amene wina wa mumpingo anapaka penti, kapena kumatapo pulasitiki wamitundu. Pali mtanda umene amisiri anausiya ngati bowo pakhoma la njerwa kuseri kwa guwa, mabuloko amabowo pamwamba pa chitseko, lata loonekera padenga, ndiponso timabowo ta misomali pa malata akale. Musazinyoze zimenezi. Anthu anasonkha ndalama ndi kuumba njerwa kuti kuwala kulowe motero, ndipo tchalitchi chikamangidwa chatsopano nthawi zambiri zakalezo zimangopita osajambulidwa.

Kusiyana kwake kumakhudza ntchito yanu. Galasi lopakidwa penti limameza kuwala, ndiye limafuna dzuwa lamphamvu kuseri kwake kuti mtundu utuluke. Galasi la mtundu losapakidwa kanthu limaonetsa zakunja: mtengo wa mango, khoma la sukulu, nthambo ya magetsi. Pamenepo muyenera kusuntha kapena kugwada pang'ono mpaka kuseri kwa galasi kukhale thambo lokhalokha.

Chachiwiri: pemphani kaye

Tchalitchi chili ndi eni ake. Ku CCAP yambani ndi mkulu wa mpingo kapena mlembi, ndipo ngati abusa amakhala pomwepo kawalonjereni. Ku Katolika, kunthambi mudzapeza akatekisiti kapena wapampando wa tchalitchi. Ngati iwo anena kuti nkhaniyo ikafike kwa bambo mfumu kuparishi, kafikitseni. M'midzi yambiri ya kuno moni wa Chitumbuka umatsegula mitima, ngakhale zotsalazo mutalankhula Chichewa. Nenani molunjika, mwachitsanzo:

"Monire adada. Ndachokera ku Chibavi, ndimajambula zithunzi. Ndimati ndipemphe ngati mungandilole kujambulako mazenera a m'tchalitchi muno tsiku lopanda mapemphero. Zithunzi zikatuluka ndidzabweretsa kuti mpingo nawo usunge."

Akavomera, funsani zinthu zingapo pomwepo: amene amasunga kiyi ndani, amasesa liti, kwaya imaphunzira nyimbo tsiku lanji, kodi mungazimitse magetsi ngati alimo, ndiponso ndi pati pamene simuyenera kuponda. Kuguwa musakwere popanda kuuzidwa, makamaka m'tchalitchi cha Katolika kanyale kofiira kakamayaka pambali pa tabenakulo. Nsalu za paguwa ndi maluwa zisiyeni mmene mwazipezera. Abambo vulani chipewa, amayi tengani chitenje. Nthawi ya mapemphero musajambule pokhapokha mpingo utakupemphani, ndipo munthu aliyense woti aoneke pachithunzi afunsidwe kaye; akakhala mwana, afunsidwe makolo.

Galasi lakale musalipukute, ngakhale muone fumbi, kangaude kapena nyumba ya mavu pakona. Mtovu ndi wofewa, umapindika, ndipo penti wakale amatha kukanganuka ndi nsalu. Jambulani mmene lilili.

Chachitatu: dziwani kumene dzuwa likhale

Apa ndipo pali nkhani yaikulu, kuposa mtundu wa kamera.

Mzuzu ili pafupifupi madigiri 11 ndi theka kumwera kwa Equator. Chifukwa cha ichi dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, cha pa 19 Febuluwale ndi cha pa 23 Okutobala. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka Okutobala limadzera chakumpoto. M'miyezi yotsalayo, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale, limadzera chakumwera, koma pang'ono chabe. Mu Juni masana limakwera madigiri pafupifupi 55 okha, litapendekera kumpoto, pamene mu Disembala limafika pafupifupi 78, litapendekera kumwera. Tanthauzo lake n'lakuti mazenera a khoma la kumpoto amalandira dzuwa labwino lopendekera mu Meyi, Juni ndi Julayi, ngakhale masana. Mazenera a kumwera nthawi imeneyo salandira dzuwa lachindunji n'komwe, ndipo mu Disembala masana dzuwa limakhala pamwamba kwambiri moti malata otulukira kunja kwa khoma amalitchinga. Ojambula a ku Ulaya akamanena kuti zenera la kumwera ndilo la dzuwa, akunena za kwawo.

Mazenera a kum'mawa ndi a kumadzulo savuta: a kum'mawa m'mamawa, a kumadzulo chakumadzulo. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo mu Novembala limatuluka itangopitirira 5 koloko. Limakwera pafupifupi madigiri 15 pa ola. Taonani mmene izi zimasinthira chithunzi. Zenera likhale mamita 3 kuchokera pansi. Dzuwa likakwera madigiri 20, patangopita ola ndi theka chitulukireni, kuwala kwa zeneralo kumakagwera pafupifupi mamita 8 m'kati mwa tchalitchi, kudutsa pamabenchi ambiri, mwina mpaka khoma la tsidya lina. Likafika madigiri 55 kuwalako kumangogwera mamita 2 kuchokera pakhoma. Ndiye mukafuna mitundu yotambalala pansi, lawirirani, kapena dikirani cha m'ma 4 koloko madzulo ku mazenera a kumadzulo.

Musaganize kuti guwa lililonse lili kum'mawa. Matchalitchi akale ena anamangidwa motero, koma ambiri a kumudzi amangoyang'ana kumsewu. Gwiritsani kampasi ya pafoni, kapena funsani wosunga kiyi kuti dzuwa limalowera zenera liti m'mawa. Amene amatsegula tchalitchi sabata iliyonse amadziwa.

Palinso mitundu iwiri ya tsiku, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Tsiku la mitambo ndilo labwino pojambula galasi lenilenilo, chifukwa kuwala kumafika mofanana paliponse, mitundu yakuda ndi yowala zonse zimaoneka, popanda malo amodzi othobwa m'maso. Tsiku loyera ndilo la mitundu yogwera pansi ndi mizere ya kuwala mumlengalenga. Ku Mzuzu sitisowa mitambo. Chifunga cha m'mawa ndi mawawa a nyengo yozizira, zimene timadandaula nazo tikachapa, n'zimene zimakometsa zenera. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umafiiritsa dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, moti chikasu ndi kufiira zimawala kwambiri koma buluu amafooka. Mukafuna buluu wake weniweni wa zenera, pewani maola amenewo.

Ngati tchalitchi chili pafupi, pitani kaye tsiku lina mukangokhala pabenchi ola lathunthu, muone kumene kuwala kukuyambira ndi kumene kukulowera.

Chachinayi: zonyamula

Sizambiri. Foni kapena kamera yodzaza moto, kansalu kofewa kopukutira lenzi, ndi choimikira. Tripod, choimikira cha miyendo itatu chija, ndiyo yabwino koposa. Ngati mulibe, thirani mpunga kapena nyemba m'kathumba kansalu, muike pamsana pa benchi, kamera ikhazikike pamenepo. Imakhala nji, ndipo mungaipendeketse mmene mufunira. Mukakwera kabaza nyengo ya mvula, zonse zilowe m'jumbo.

Chachisanu: kujambula galasi

Yambani ndi kuzimitsa. Zimitsani fulashi, chifukwa imangonyezimira pagalasi n'kuyeretsa mizere ya mtovu imene iyenera kukhala yakuda. Zimitsani magetsi a m'tchalitchi ngati analola, pa chifukwa chomwecho: kuwala kulikonse komenya galasi kuchokera m'kati kumaphimba mtundu. Chitseko chachikulu chikakhala kumbuyo kwanu, chitsekeni. Pafoni zimitsaninso Night mode ndi zonse zokongoletsa nkhope, pakuti ntchito yake ndi kuthamangitsa mdima umene inu mukuufuna.

Pukutani lenzi. Foni imakhala m'thumba ndi m'manja tsiku lonse, ndipo kamafuta kochepa ka chala kamasandutsa zenera lowala kukhala chifunga.

Tsopano a foni. Lozetsani pazenera, dinani ndi chala pagalasi pamalo owala, ndipo gwiritsitsani mpaka foni isonyeze kuti yatseka. Pambali pake pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kokerani pansi pang'onopang'ono. Mudzaona makoma akuda, kenako mitundu ikubwerera umodziumodzi: poyamba buluu, kenako kubiriwira ndi kufiira, pomaliza chikasu ndi zoyera. Musayang'ane tchalitchi, yang'anani malo owala koposa a pazenera. Ngati pali nkhope, imani pamene maso ndi milomo zaoneka bwinobwino. Ngati ndi magalasi amakona anayi aja, imani pamene lachikasu lasiya kuoneka loyera. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwatsitsa ndi 1 kapena 2 pa sikelo ya kuwala. Kenako jambulani china chodera pang'ono kuposa pamenepo, chifukwa sikirini ya foni mumdima imanamiza, imaonetsa chithunzi chowala kuposa mmene chilili.

Mafoni ambiri a Tecno, Samsung ndi ena ali ndi Pro mode. Ngati yanu ili nayo, gwiritsani. Ikani ISO, imene imasonyeza mmene kamera imamvera kuwala, pa nambala yotsika koposa, 50 kapena 100, kuti mdima ukhale wosalala wopanda timadontho. Liwiro la shutter, kutanthauza nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe, yambirani pa 1/100 ya sekondi, muwonjezere kapena kuchepetsa mpaka mitundu ikhale bwino. White balance, imene imalembedwa WB, ichotseni pa Auto muike pa chizindikiro cha dzuwa, kapena pakati pa 5200K ndi 5500K. Izi n'zofunika kwambiri kuno. Kamera ikaona buluu wambiri imaganiza kuti kuwala kwalakwika, ndiye imathirako chikasu kuti ikonze, ndipo buluu wa zenera amatuwa. Ikaona kufiira kwambiri imachita zosemphana. Mukaitsekera pa dzuwa, mitundu imakhala mmene anaiikira mmisiri. RAW, mtundu wa fayilo imene kamera sinaikonze, ikakhalapo yatsani, imasunga zambiri zoti mudzakonze pambuyo, ngakhale imadya malo.

Musadine batani ndi chala foni ili pa choimikira. Ikani timer ya masekondi 2 kapena 3, mudine, muchotse dzanja.

A kamera, ikani pa M, pamene mumasankha zonse nokha. ISO 100 kapena 200, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) f/8. Sankhani spot metering, yoyeza kuwala pa kamalo kamodzi, muyeze pa galasi la mtundu wapakatikati, monga lobiriwira, osati loyera kapena lakuda kwambiri. Tsiku la mitambo liwiro limakonda kugwera pakati pa 1/30 ndi 1/125, koma amenewo ndi poyambira chabe. Jambulani chimodzi, muone histogram, kagirafu koonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja. Ikagunda khoma la kumanja, tsitsani. Ngati kamera yanu imaonetsa histogram ya mtundu uliwonse pawokha, yang'anitsitsani wofiira, chifukwa ndiwo umakonda kusefukira msanga: zonse zioneka bwino, koma mkanjo wofiira wasanduka chibanthu chimodzi chopanda makwinya. Kenako jambulani zitatu, chimodzi pamene mwayeza, china chodera ndi stop imodzi (theka la kuwala), china chowala ndi stop imodzi (kuwala kowirikiza kawiri).

Focus ikhale pa mizere ya mtovu kapena pa felemu yachitsulo. Galasi loonekera limasokoneza autofocus, imathawira pamtengo wa panja. Kulitsani chithunzi pa sikirini mukonze ndi dzanja. Kamera ikakhala pa tripod zimitsani stabiliser, yochepetsa kunjenjemera kwa manja. Mukagwira ndi manja, liwiro lisatsike kuposa kutalika kwa lenzi: pa 100mm musatsike pansi pa 1/100.

Zenera loyandikana nalo likamaponya kuwala m'lenzi, chithunzi chimatuwa mbali imodzi. Tchingani ndi chikhatho kapena buku la nyimbo chakumbali, posamala kuti zisalowe pachithunzi.

Chachisanu ndi chimodzi: poimirira

Mazenera a m'tchalitchi amakhala pamwamba. Mukaima pansi pake n'kuweramutsa kamera, zenera limatuluka lotambalala kumunsi, lopyapyala kumwamba, ngati likugwera chagada. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo. Pitani ku khoma la tsidya lina, muime moyang'anizana ndi pakati pa zenera, mukoke ndi zoom. Pakamera, lenzi ya 85mm kupita m'tsogolo imachita bwino. Pafoni gwiritsani 2x kapena 3x ngati ili ndi lenzi yakeyake ya zimenezo. Ngati ilibe, musakoke ndi zala mopitirira, ndi bwino kujambula motambalala n'kudzadula pambuyo. Yatsani mizere ya grid kuti muone ngati m'mbali mwa zenera mwawongoka, ndipo siyani mpata pang'ono kuzungulira zenera, udzafunika powongola. Pabenchi musakwere ndi nsapato, ndipo musakwere n'komwe osapempha.

Mukatha zenera lonse, yandikirani. Zithunzi zimene anthu amaziyang'ana nthawi yaitali nthawi zambiri ndi za pafupi: dzanja limodzi lolembedwa ndi penti, timathovu ta mpweya totsekeredwa m'galasi lakale, mng'alu umene wina anamata mosamala, dzina la amene anapereka zeneralo lolembedwa m'munsi. Zolembedwazo zijambuleni nthawi zonse ndipo zioneke zowerengeka, chifukwa ndizo mbiri ya mpingo.

Chachisanu ndi chiwiri: kuwala kumene kwalowa

Kwa ine gawo ili ndilo lokoma, ndipo n'limene tchalitchi cha kumudzi chimapambana nalo, ngakhale chopanda galasi lodula.

Tembenukani, zenera likhale kumbali kapena kumbuyo kwanu, muyang'ane pamene kuwala kwagwera. Zenera lenilenilo lisalowe pachithunzi, kuti kamera isalimbane ndi zinthu ziwiri. Dinani pa kuwalako, mutsitse monga munachitira pagalasi, koma pang'ono. Gwadani, kamera ikhale pafupi ndi pansi kapena pa msinkhu wa benchi. Kuchokera pamenepo mitundu imaoneka ikukwera mwendo wa benchi, kuthyoka pa thabwa, n'kutsikira tsidya lina.

Onani pamene kuwalako kwagwera, chifukwa pamasintha mtundu. Pa simenti yopaka polishi wofiira, chikasu chimasanduka ngati lalanje ndipo buluu amangoda. Pa khoma la laimu mitundu imatuluka yoona. Pa thabwa la benchi lotha ndi kukhalidwa, mitundu imafunda ndipo mizere ya mtengo imaonekera m'kati mwake. Pa bulauzi yoyera ya mayi wa Umanyano amene wabwera kudzakonza m'tchalitchi, mitundu imaoneka bwino koposa, mukafuna chithunzi chotero apempheni mwaulemu, "Amama, mungakhaleko apa pang'ono pomwe pali dzuwapa?", ndipo akakana, thokozani mupitirize zina.

Kuwalaku sikudikira. M'mawa kumayenda moonekeratu, moti pakatha mphindi zochepa kwachoka pabenchi pamene munakonzera. Choncho onani kumene kukulowera, muimike kamera patsogolo pake, mudikire kuti kufike pokha.

Mizere ya kuwala yoima mumlengalenga imafuna zinthu zitatu pamodzi. Dzuwa likhale loyera, lolowera pa bowo laling'ono. Mumpweya mukhale fumbi kapena utsi. Kuseri kwa mzerewo kukhale mdima. Fumbi limakhalapo akangotha kusesa, n'chifukwa chake ndinati mufunse tsiku losesa. Kawirikawiri ndi Loweruka. Utsi wa lubani umatsala kanthawi Misa ikatha, anthu atatuluka. Musawaze fumbi dala kapena kuyatsa chilichonse m'nyumba yopemphereramo kuti mupeze chithunzi. Imani chammbali mwa mzerewo, kapena moyang'ana pang'ono kumene ukuchokera, chifukwa dzuwa likakhala kumbuyo kwanu mzere suoneka. Sunthani mpaka kuseri kwake kukhale khoma lamthunzi kapena matabwa a kudenga, osati zenera lina. Mukatero tsitsani kuwala mpaka mzerewo uime pawokha.

Matchalitchi a malata akale ali ndi mphatso ina masana, pamene mazenera alibe ntchito. Timabowo ta misomali timatsitsa timizere topyapyala, ndipo pansi pamagwera timadontho tozungulira. Yang'anitsitsani: ngakhale bowo likhale lokhotakhota, dontho limakhala lozungulira, chifukwa ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo chodutsa pa kabowo. Mtambo ukamadutsa mumaona ukudya kadonthoko kuyambira mbali imodzi. Mtanda wa bowo pakhoma nawonso umalemba mtanda wa kuwala pansi kapena pakhoma lina. Funsani wosunga kiyi nthawi imene umafika pakati pa tchalitchi.

Chachisanu ndi chitatu: mukafuna zenera ndi tchalitchi pamodzi

N'zotheka, koma dziwani kukula kwa mpata. Galasi likhoza kufuna 1/60 pamene mabenchi akufuna masekondi 2, kusiyana kwa maulendo 120. Pali njira zitatu. Yosavuta ndi kudikira nthawi imene kunja kwachepa kuwala, kutangocha, dzuwa litangolowa, kapena mitambo yakuda itakuta, mpata umachepa wokha. Ina ndi kutsegula chitseko cha kumbali kuti kuwala kugwere pamabenchi popanda kumenya galasi. Yachitatu ndi ya tripod: jambulani zithunzi zitatu mpaka zisanu kamera isanasunthe, kuyambira choyenera galasi mpaka choyenera mabenchi, mudzaziphatikize pa kompyuta. HDR ya pafoni imayesa kuchita zomwezo yokha. Iyeseni, koma jambulaninso china itazimitsidwa mufananize, chifukwa nthawi zina imawalitsa makoma mpaka tchalitchi kuoneka ngati ofesi. M'kati muzikhalabe moderako kuposa zenera, monga maso anaonera.

Pomaliza: kukonza, kutumiza ndi kusindikiza

Mapulogalamu okonzera zithunzi pafoni, Snapseed kapena Lightroom, amakwanira. Yambani ndi kuwongola zenera ndi chida cha perspective, kenako dulani zosafunika. Tsitsani highlights (malo owala) kuti nkhope ndi zoyera zibwerere, kwezani shadows (malo amdima) pang'ono chabe kuti khoma lingodziwika kuti lilipo. Saturation, yowonjezera mphamvu ya mitundu, isiyeni, kapena muichepetse pa kufiira. Galasi lojambulidwa bwino lili kale ndi mtundu wokwanira, ndipo mukawonjezera mumapha timizere ta penti timene munavutikira.

Lembani pa dzina la fayilo mudzi, mpingo, tsiku, ndi khoma limene zenera lili, mwachitsanzo la kumpoto lachiwiri kuchokera kuchitseko. Zenera likadzasweka ndi mphepo kapena mpira wa ana, chithunzi chotere n'chimene angatengere kwa wodula magalasi.

Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, osati chithunzi wamba, chifukwa ikachipanikiza mdima umasanduka mabokosimabokosi. Musanaike pa Facebook funsani atsogoleri a mpingo ngati alola kuti dzina la malo litchulidwe. Matchalitchi ena anabedwapo zokuzira mawu ndi mabatire a sola, ndiye amasamala ndi zithunzi zoonetsa za m'kati.

Zimene munalonjeza kubweretsa zisindikizeni papepala, chifukwa akuluakulu ambiri a kumudzi sasunga zithunzi pafoni. Pepala silitulutsa kuwala ngati sikirini, ndiye chithunzi chosindikiza chimada kuposa mmene mumachionera. Konzani kope lina lowalako pang'ono la kusitudiyo, sankhani pepala lonyezimira, ndipo auzeni asakonzenso mitundu ndi makina awo, pakuti makinawo nawonso akaona mdima wambiri amathamangira kuuwalitsa. Sindikizani kaye chimodzi chaching'ono, muchione panja pa kuwala kwa masana, musanalipire chachikulu.